Mwaye wa m'injini umene ukumwa mafuta anu

Dandaulo limene likumveka kwambiri pakati pa eni magalimoto nlakuti galimoto yayamba kumwa mafuta ngati cidakwa. Wina amati: kale ndikathira malita 20 ndinali kutha nao sabata lathunthu, koma tsopano Lacinayi lisanafike muvi wagona kale pansi. Pofunafuna wolakwa, ena amaloza cala anyamata a pamalo omwetsera mafuta, ena amakayikira dalaivala, ndipo ena amayamba kuyang'ana ndi diso lofiira mwana wao wacisamba amene amakonda kubwereka makiyi madzulo. Nthawi zina wolakwayo amakhaladi mmodzi mwa amenewa. Koma musanaweruze munthu, yambani mwafufuza mbala ina imene imagona m'kati mwa injini momwemo, imene amai onse ophikira nkhuni amaidziwa bwino: mwaye. Amakanika amauchula kuti kaboni.

Ife amene tinawerengera mayeso pa nyali ya parafini tikukumbukira khalidwe lake. Ukakweza cingwe mopitirira, lawi limafiira nkuyamba kufuka, galasi limada, kuwala kumacepa, pamene parafiniyo akutha msanga kuposa kale. Cacitika nciani? Mafuta acuruka kuposa mpweya umene ukanawatentha, tsono otsalawo asanduka mwaye. Injini ya galimoto ndi moto womwewo, kungoti ndi wotsekeredwa m'citsulo ndipo umayaka ndi kuzima kambirimbiri pa mphindi imodzi. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse yonse bwinobwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, ndiko kunena kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000. Muyeso umenewu ukasokonezeka, kapena injini ikamagwira nchito isanatenthe mokwanira, kapena oilo akalowa kumene sayenera kulowa, zotsalira zakuda zimakanirira pa zitsulo. Poyamba zimakhala zofewa ngati phula, koma pophikidwa tsiku ndi tsiku zimauma gwa ngati nkhoko za pansi pa mphika.

Palibe injini yopanda mwaye mpang'ono pomwe, monganso palibe khichini yophikira nkhuni imene denga lake ndi loyera. Nkhani iri pa kucuruka kwake ndi malo amene wakhala.

Malo oyamba ndi manozo, tizipangizo timene timapopera mafuta m'injini. Alimi a thonje ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi andimva msanga. Nozo ya copopera mankhwala ikakhala yoyera, mankhwala amaturuka ngati nkhungu nkufika pa tsamba lililonse. Ikatsekeka mbali imodzi, mankhwala amangodontha madontho akuluakulu, cigubu cimatha, koma mbozi ziri moyo. Timabowo ta nozo ya injini ntating'ono ngati nsonga ya singano, ndipo mwaye wocepa kwambiri ndi wokwanira kusandutsa nkhunguyo madontho. Dontho lalikulu la mafuta silipsa lonse. Gawo lina limaturukira ku ekizozi lisanagwire nchito iriyonse, gawo lina limakhala mwaye watsopano, motero bvutolo limadzibala lokha.

Malo aciwiri ndi mavalavu olowetsa mpweya pamodzi ndi njira zake. Mwaye ukaunjikana kumeneko injini imakhala ngati munthu wa cimfine amene akukwera phiri atasenza thumba la cimanga: mphamvu ziripo, koma mpweya sukukwana. Malo acitatu ndi pamwamba pa mapisitoni, m'cipinda cimene moto umayakira. Nkhoko za mwaye zimacepetsa cipindaco ndiponso zimasunga kutentha ngati khala la m'mbaula, kotero kuti mafuta ena amaphulika nthawi yake isanakwane. Ndiko kugogoda kuja kumene mumamva pokwera citunda, ngati wina akugwedeza timiyala m'citini. Magalimoto a masiku ano ali ndi kacipangizo komva kugogodako, ndipo kompyuta ikamva imacedwetsa moto wa mapulagi pofuna kuteteza injini. Injini imatetezekadi, koma mphamvu zimatsika. Dalaivala poona kuti galimoto yalefuka amapondetsa phazi, ndipo apo mpamene ndalama za ndiwo zimathera mu mseu.

Zizindikiro zake sizibisika kwa munthu wochera khutu. Galimoto imabvuta kulira m'mawa, imanjenjemera ikaima pa maloboti, imazengereza mukafuna kupitirira lole, ndipo mapulagi mukawamasula amakhala akuda bii ndi ouma. Utsi nawo umanena zambiri: wakuda ndi wa mafuta ocuruka, wobiriwira motuwa ndi wa oilo amene akupsa, ndipo woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi wa madzi amene akulowa kolakwika.

Komabe cizindikiro codalirika kuposa zonsezi ndi kabuku ndi pensulo. Dzazani thanki mpaka pakamwa, lembani nambala ya makilomita imene iri pa wochi ya galimoto, yendani monga mwa masiku onse, ndipo pobwera kudzadzazanso lembani malita amene alowa ndi makilomita amene mwayenda. Gawani makilomitawo ndi malita. Mukacita zimenezi miyezi iwiri kapena itatu mudzadziwa khalidwe lenileni la galimoto yanu. Tiyerekeze kuti inali kuyenda makilomita 12 pa lita, tsopano ikuyenda 10. Kusiyanako kumaoneka kwakung'ono. Koma kwa munthu woyenda makilomita 1,000 pa mwezi, ndiye kuti m'malo mwa malita 83 akuthira 100. Malita 17 mwezi uliwonse, oposa 200 pa caka. Curukitsani nokha ndi mtengo wa lero, kenaka muyerekeze ndi ndalama za yunifomu, za feteleza kapena za mtulo wa ku parishi. Boma litacotsa cithandizo cake pa mitengo ya mafuta kumapeto kwa 2021, bungwe la Energy Regulation Board linayamba mu 2022 kuunika mitengoyo mwezi ndi mwezi. Pa mtengo wa pa pampu inu ndi ine tiribe mau. Pa malita amene injini yathu ikutaya, mau tiri nao.

Nanga mwayewu timauitana bwanji? Ndiyambe ndi cizolowezi cimene ambiri amaciyesa cikondi pa galimoto. M'miyezi ya June ndi July mudzaona bambo atalizitsa galimoto pakhomo, iye nkubwerera m'nyumba kukasamba ndi kumwa tiyi, ati injini itenthe. Mwambo umenewu unacokera ku magalimoto akale a kabyuleta, amene analidi kukana kuyenda asanatenthe. Galimoto ya manozo siifuna zimenezo. Theka la mphindi ndi lokwanira kuti oilo azungulire, kenaka nyamukani modekha, pakuti injini imatentha msanga ikamayenda kuposa ikamangolira pamalo amodzi. Nthawi yonse imene iri yozizira kompyuta imaonjezera mafuta mwadala, ndipo oonjezerawo ndiwo mbeu ya mwaye. Galimoto yaing'ono yongolira osayenda imamwa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa ora. Madalaivala a minibasi amene amasiya injini ikulira pa siteshoni kudikira kuti anthu adzaze angawerengere okha maora a pa sabata.

Maulendo afupiafupi amacita cimodzimodzi. Galimoto yongocoka ku nyumba kupita ku sukulu ya ana, ku msika ndi ku chalichi Lamulungu, makilomita atatu kapena anai basi, imazimitsidwa isanafike pa kutentha kwake koyenera, kumene ndi madigiri pafupifupi 90. Kuonjezera apo pali kuyenda kwa kamba m'miseu ya Lusaka m'mawa ndi madzulo. Ndiye cifukwa cake galimoto ya amai aphunzitsi yoyenda pang'ono, yooneka yatsopano kunja, ingathe kukhala yakuda m'kati kuposa ya wamalonda amene amathamanga pa Great East Road sabata iriyonse.

Tsopano ndifike pa cinthu cimene cimandipweteka mtima. Galimoto ikayamba kutentha mopitirira, amakanika ena amathamangira kucotsa thermostat nkuitaya, namuuza mwini wake kuti kacipangizo kameneka nka maiko ozizira, kuno kwathu nkosafunika. Si zoona. Nchito ya thermostat ndi kutsekereza madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itatentha, kenaka nkusunga kutenthako pa muyeso umodzi. Ikacotsedwa, injini imakhala yozizira nthawi yaitali, ndipo pa mseu wautali usiku mwina siifika nkomwe pa muyeso wake. Kompyuta, poganiza kuti kukali m'mawa, imapitiriza kuonjezera mafuta tsiku lonse. Cimene cinatenthetsa galimoto poyamba, kaya ndi rediyeta yotsekeka, fani yakufa kapena pampu ya madzi yotha, cimakhala cikali pomwepo, cangobisika. Ngati munagula galimoto yakale ndipo muvi wa kutentha sukwera kufika pakati, funsani makanika aone ngati thermostat irimo. Mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi mafuta amene mukutaya. Cimodzimodzinso ndi oxygen sensor, kacipangizo ka pa ekizozi kamene kamauza kompyuta ngati mafuta apsa bwino: kakafa, kompyuta imangothira mafuta mwacimbulimbuli. Nyale ya cenjezo ikayaka kutsogolo kwa dalaivala, kuimata ndi tepi yakuda si mankhwala.

Oilo naye ali ndi mbali yake. Injini iriyonse imakhala ndi kapaipi kobweza nthunzi ya oilo ku njira ya mpweya kuti ikapse. Oilo akakalamba, akakhala wosayenera injiniyo, kapena akathiridwa kupitirira mzere wa pa ndodo yoyezera, nthunziyo imacuruka nkukaphikika pa mavalavu. Oilo wogula m'mabotolo osatsekedwa, amene simudziwa kumene wacokera, ndi wochipa tsiku logula lokha. Kwa ife oyenda m'miseu ya fumbi, kusintha oilo ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse ndi muyeso wabwino, pokhapokha buku la galimotoyo litanena zina. Za mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa mseu ndinene mwacidule: simungadziwe ngati muli parafini, madzi kapena dothi, ndipo zitatu zonsezi ndi adani a manozo.

Pa sefa ya mpweya pali kanthu kamene ambiri sadziwa. Mu 2009 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa magalimoto a petulo okhala ndi sefa yotsekeka, napeza kuti m'magalimoto a manozo ndi kompyuta mphamvu ndizo zimatsika, pamene kamwedwe ka mafuta sikasintha kwenikweni, cifukwa kompyuta imacepetsa mafuta molingana ndi mpweya umene walowa. Koma m'galimoto ya kabyuleta mafuta amatayikadi. Tsono amene mukali ndi mavani akale onyamulira cimanga ndi makala, sefa yanu muziiona kawirikawiri, makamaka m'cilimwe. Kumbukiraninso kuti Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, kumene mpweya ndi wopepuka. Kabyuleta yochunidwa kuti igwire nchito m'mphepete mwa nyanja imathira mafuta opitirira ikafika kuno. Ndipo sefa yong'ambika ndi yoipa kuposa yotsekeka, pakuti fumbi likalowa limapala zitsulo, oilo nkuyamba kukwera kumene kuli moto.

Pali mtundu wina wa injini umene wogula aliyense ayenera kuudziwa asanapereke ndalama, pajatu safunsa anadya phula. M'injini zambiri za petulo nozo imapopera mafuta kuseri kwa valavu, ndipo petuloyo podutsa amatsuka valavuyo, popeza mwa iye muli mankhwala otsukira. Mu 1996 kampani ya Mitsubishi inaturutsa injini yochedwa GDI, imene imapopera petulo mwacindunji m'cipinda ca moto, ndipo Toyota inatsatira ndi yake yochedwa D-4. A Volkswagen amalemba FSI kapena TSI. Njira imeneyi imapulumutsa mafuta injini ikakhala yoyera, koma mavalavu ake sakhudzidwa ndi petulo ngakhale dontho, motero nthunzi ya oilo imaphikika pamenepo popanda coitsuka. Magalimoto ambiri akale ocokera ku Japan amene adzaza m'miseu yathu, monga ma Noah, Voxy, Premio ndi Allion ena a injini ya malita awiri, ndiponso ma Mark X ambiri, ali ndi injini zotere, ndipo amafika kuno atayenda kale zaka zambiri. A Toyota eni ake anaika manozo a mitundu yonse iwiri pamodzi m'injini yochedwa D-4S kuyambira 2005, ndipo m'menemo mavalavu amatsukika. Sindikunena kuti musagule D-4. Ndikunena kuti tsegulani boneti, werengani zolembedwa pa civundikiro ca injini, ndipo mudziwiretu kuti tsiku lina mudzalipira munthu wotsuka mavalavu ndi manja. Walira mvula walira matope.

Izi zikutifikitsa ku mankhwala, kumene kuli amalonda ambiri ndi malonjezo ambiri. Timabotolo tothira m'thanki tiripo tabwino, makamaka tokhala ndi mankhwala ochedwa PEA, ndipo timathandiza kutsuka manozo ndi mwaye wocepa wa pa mapisitoni. Koma ganizani: mankhwala oyenda ndi petulo amafika kokha kumene petulo amafika. M'injini ya D-4 kapena GDI sangakhudze mavalavu, ngakhale mutathira mabotolo khumi. Kumeneko mankhwala ndi kumasula njira ya mpweya nkupala mwayewo, kaya ndi burashi ndi mankhwala osungunula, kaya ndi makina owaza zikamba zopera za mtedza wa walnut, zimene zimacotsa mwaye osapala citsulo. Za makina amene amalowetsa mpweya wa hydrogen m'injini kwa ora limodzi nkulonjeza kuti galimoto ibwerera ku unyamata, ine ndiri ndi cikayiko cacikulu. Nkhoko zouma za zaka khumi sizicoka ndi mpweya. Wina akakulonjezani zotere, muuzeni akuonetseni mavalavu ndi kakamera asanayambe ndiponso atamaliza. Ndipo amene angafune kuthira madzi kapena mafuta a mabuleki m'njira ya mpweya injini ikulira, mletseni. Madzi sapanikizika, akalowa ocuruka amapinda ndodo ya pisitoni, ndipo m'malo mwa kutsuka injini mudzagula ina.

Mankhwala ochipa amene ndimawakhulupirira ndi ulendo. Kamodzi pa sabata ziwiri, galimoto ya m'tauni iyende mphindi 30 kapena kuposerapo pa mseu wautali osaimaima, itenthe bwino, pa liwiro lololedwa ndi lamulo. Wa ku Lusaka angapite ku Chongwe kapena ku Kafue, wa ku Chipata angalunjike ku Katete; pamenepo mwaonanso abale ndi odwala amene munawalonjeza kalekale. Ulendo wotere sucotsa nkhoko zakale, koma umapsereza mwaye wofewa usanaume. Pewaninso kukoka galimoto ndi giya yaikulu pa liwiro locepa mpaka injini kumacita kubuula. Tsitsani giya, injini ipume bwino.

A magalimoto a dizilo nkhani yao ndi yolemera pang'ono. Ambiri ali ndi valavu yochedwa EGR, imene imabweza gawo la utsi m'injini pofuna kucepetsa mipweya yoipa. Utsiwo ukakumana ndi nthunzi ya oilo umapanga phala lakuda limene lingatseke njira ya mpweya mpaka kutsala kabowo kolowa cala. Magalimoto atsopano alinso ndi sefa ya utsi yochedwa DPF, imene imagwira mwaye nkumaupsereza yokha pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 600. Kupserezako kumafuna ulendo wautali, oilo wake woyenera, ndi dizilo wa sufule wocepa. Pa dizilo zinthu zinasintha: paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene kwa zaka zambiri inali kubweretsa mafuta okayengedwa ku Indeni, inayamba mu 2023 kunyamula dizilo woyengeratu wa sufule wocepa. Koma ulendo wautali ndi oilo woyenera ziri m'manja mwa mwini galimoto.

DPF ikatsekeka, uphungu umene mudzamva msanga ndi wakuti: tiboole, ticotse, titseke ndi EGR yomwe. Galimoto imathamangadi pambuyo pake, ndipo ndalama zokonzera zimacepa. Koma mwaye umene sefayo inali kugwira sunathe. Tsopano ukuturukira ku ekizozi, pa msinkhu wa mphuno ya mwana woyenda m'mbali mwa mseu ndi ya mai wogulitsa tomato atakhala pansi. Mu 2012 bungwe la World Health Organization, kudzera m'nthambi yake yofufuza za khansa, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anachula utsi wa zoyendera pakati pa zinthu zimene zikudwalitsa anthu, makamaka osauka. Amene amapuma utsi wathu kwambiri ndi aja alibe galimoto. Mkhristu asanabvomere kuti sefa icotsedwe, ayambe wafunsa mtengo woitsuka, pakuti nthawi zambiri imatsukika.

Mau awiri kwa a m'mabungwe a maparishi. Galimoto ya parishi inagulidwa ndi zopereka za anthu, ena a iwo amasiye, ndipo ndiyo imafikitsa Bambo Mfumu ku machalichi a kumidzi ndi kwa odwala amene akudikira masakramenti. Imayendetsedwa ndi manja ambiri, motero palibe mmodzi amene amaona kuti yayamba kumwa mafuta. M'galimotomo mukhale kabuku kolembamo tsiku, makilomita, malita ndi tsiku losintha oilo, ndipo msungicuma aziwerenga nambala ya makilomita pa lita pa msonkhano uliwonse, monga amawerengera ndalama za m'mbale. Nambalayo ikatsika miyezi iwiri yotsatizana, galimoto ipite kwa makanika ndi mndandanda wolembedwa: thermostat, oxygen sensor kapena EGR, mapulagi, sefa, manozo. Aone zimenezi coyamba, asanakambe za kumasula mutu wa injini. Kabukuko kadzatetezanso dalaivala wosalakwa ku manong'onong'o.

Musaiwale kuti si mafuta onse otayika amene amapita ndi mwaye. Matayala ofewa, mabuleki ogwira ndi katundu wongokhala m'buti nazonso zimamwa. Za matayala ndi mpweya wake tidzakambirana mwezi wamawa, Mulungu akalola.